Pulinta Yanga ndi Bokosi la ku Migodi

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Sinda, a ku Katete, ndi inu a ku Vubwi amene mumagona mutu uli ku Zambia miyendo ili ku Malawi. Moni kwa inunso amene mwatola pepalali kuti mukulungiremo mtedza wokazinga. Yambani mwawerenga, mukulunge pambuyo. Ndine Lazaro Mbewe, mlembi wa kampingo kathu kaja ka kuseri kwa dambo, ndipo ndikubwereza kuti mlembi, mpaka lero, kuti a Sakala amve bwinobwino. Ndabwera ndi umboni wa dzanja langa lamanja, limene linandipandukira nditakalamba, ndi wa mmene Mulungu anandibwezera ntchito yanga kudzera m'makina amene ndinatsala pang'ono kukawaponya m'chitsime.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, chifukwa ng'ombe za amalume zinalibe wozidyetsa. Koma zilembo zanga, abale, zinali zilembo. Aphunzitsi ankanyamula sileti yanga kukachititsa nayo manyazi a Sitandade 4. Nditakula pang'ono, azimayi a m'mudzi amene amuna awo anali ku migodi ankabwera kwa ine kuti ndiwalembere makalata. Ndinkadziwa kupempha bulangeti mwaulemu woti mwamuna ankatumiza ndi nsapato zomwe. Kenako nanenso ndinapitako ku migodiko, ndinabwerako ndi chifuwa, jekete limodzi, ndi bokosi lachitsulo lobiriwira. Bokosilo mulisunge m'mutu, libweranso. Nditalowa mpingo, sanavutike kufuna mlembi. Anandipatsa buku la mpingo ndi chidindo, ndipo ndinazigwira zaka zambiri mwakuti ana amene ndinalemba maina awo pa ubatizo lero ali ndi zidzukulu.

Vuto linayamba pa tiyi. Ndinkaona sosala yadzaza, kapu ili theka. Ndinanena kuti kapu ndi yobooka. Mkazi wanga, Anaphiri, anandisinthira kapu katatu. Ku chipatala anati ndi matenda a kunjenjemera amene amakonda okalamba, nandipatsa mapiritsi ochepetsako koma osati othetsa. Khasu ndinkagwirabe, njinga ndinkapalasabe, koma cholembera chikangofika papepala dzanja linkayamba zake. Zilembo zanga zinasanduka ngati pamene nkhuku yapalasa.

Lamulungu lina mkulu wa mpingo amene amawerenga zilengezo anaimirira kutsogolo ndi pepala langa. Analiyandikitsa kumaso, analitalikitsa, analitembenuza. Kenako anati, "Abale, zilengezo zilipo ndithu, koma amene akuzidziwa ndi Mulungu ndi a Mbewe." Tchalitchi chonse chinaseka, nanenso ndinaseka nawo, poti ine kuseka sindiperewera. Anandipatsa pepalalo kuti ndiwerenge ndekha. Ndinavala magalasi, ndinaliyang'ana, ndipo sindinathe kuwerenga zimene ndinalemba ndekha dzulo lake. Apo ndiye kuseka kunatha, ndipo chete ameneyo anandipweteka kuposa kuseka kuja.

Akulu a mpingo anakhala pansi nane mwaulemu. Abusa anati msonkhano waukulu wa pambuyo pokolola uchitikira kwathu, ndipo makalata oitana mipingo yonse yozungulira ayenera kuperekedwa kwa onyamula pa Lamulungu lachinayi. Makalatawo akakhala owerengeka, ndipitiriza. Akapanda kutero, buku ndi chidindo zipita kwa a Sakala.

A Sakala amenewa ndi msuweni wanga, mwana wa amalume aja a ng'ombe. Iwo anapita kusukulu ine ndikudyetsa ng'ombe za atate awo, mpaka anakhala ahedi a sukulu, ndipo ngakhale anapuma ntchito amayendabe ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya ngati pali amene angawapatse mayeso panjira. Potuluka anandigwira paphewa.

"Msuweni, pumulani. Dzanja lanu lalowa chimtali, likuvina lokha."

"Lanu silivina chifukwa silinagwirepo khasu," ndinatero.

Pakamwa ndinapambana, koma panjinga pobwerera misozi inkanditsekera njira.

Tsopano mumve za zida zimene zinali kale m'nyumba mwanga. Mwana wathu Tikambenji ndi namwino ku Lusaka. Atabwera pa Khirisimasi anatiikira sola, nandisiyira laputopu yake yakale. Anandiphunzitsa kulemba pa iyo, ndipo ndinapeza kuti dzanja lonjenjemera likhoza kulasa batani limodzi, bola lamanzere ligwire lamanja pamkono ngati ukuwolotsa woledzera pamlatho. Ukalakwitsa umafufuta, osasiya ndi chipsera chomwe. Anasiyanso kanthu kena koyera, kangati sopo wochapira, kotchedwa rauta. Karauta kameneka ndi kamene kamakoka intaneti n'kumaigawira foni ndi laputopu m'nyumba popanda chingwe, ndipo kugawako ndi kumene amati wayifayi. Anakaika pawindo la pabalaza, nati kazikhala pomwepo.

Kanakhalapo milungu iwiri. Tsiku lina ndinapeza tambala ali pawindo akujompha kanyali kake. Tsiku linanso mlendo wina anakayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira ine. Ndinati ayi. Kwa ine chinthu cha mtengo wapatali chimagona m'bokosi la ku migodi, mmene muli suti yanga, mtchatho wa ukwati wathu, zitupa ndi yunifomu ya Anaphiri ya amayi a mpingo. Bokosilo lili kuchipinda, kumutu kwa bedi, ndipo lamulo lake ndi limodzi chibwerere ku migodi: silikhala lotsegula. Ndimatsegula, ndimatenga, ndimatseka, ndimakhoma, kiyi n'kubwerera m'khosi. Ndinaboola kabowo ndi msomali kuti kawaya ka sola kalowe, karauta ndinakagoneka pamwamba pa suti. Kuyambira pamenepo intaneti inachita ulesi. Inkagwira pokhapokha nditakhala pabedi nditatsamira bokosi, ndipo ndinkatukwana a kampani ndi mphepo ya ku Mozambique.

Choncho kulemba makalata ndinkatha, koma anali m'kati mwa laputopu ngati nsomba m'madzi. Wina afunsa kuti bwanji osakasindikiza ku Sinda pa sitolo. Ndinayesapo kamodzi. Inali kalata yoitana banja lina ku bwalo la mpingo, ndipo isanafike kwa eni ake, ogulitsa tomato pamsika anali atagamula kale mlandu. Makalata a mpingo ali ndi zinsinsi za anthu. Ndinaganiza kuti ngati ndikhale mlembi, pulinta, makina osindikizira aja, ikhale m'nyumba mwanga.

Ndinagulitsa mtedza wanga ndi mbuzi imodzi yamwano imene ndinkaifunira chifukwa kalekale. Tikambenji anawonjezerapo. Lolemba la mlungu wotsiriza ndinakulunga laputopu m'chitenje, ndinakwera minibasi ya ku Katete.

M'sitolomo ndinapeza mayi wina wa magalasi, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chothamanga ngati akuopa kuti chimuthawa. Ataona nsapato zanga zafumbi anandilozera kapulinta kakang'ono kotchipa.

"Aka kazakuchitani bwino, tate. Kalibe mavuto."

Abale, apa ndiye ndikufuna mundiombere m'manja. Ine za makina sindidziwa, koma ng'ombe ndagulapo. Ng'ombe sugula poona nyanga. Ndinafunsa mafunso atatu amene amalume ankafunsa pamsika wa ng'ombe: imadya chiyani, imadya zochuluka bwanji, nanga ikadwala sing'anga wake ali kuti?

Mayiyo anavula magalasi, nandiyang'ananso kachiwiri. Anavomera kuti kotchipako kamamwa inki ya m'timabokosi tosachedwa kutha, ndipo timabokosito nthawi zina timasowa mpaka ku Chipata. Ndinati imeneyo ndi ng'ombe yogula ndi nkhuku koma yodya ngati njovu. Anandionetsa ina yaikulu, yakuda, yooneka ngati ya ku ofesi ya boma, nati ndi ya leza, imathamanga kwambiri. Mtima wanga unaikonda, chifukwa ndinaona kale nkhope ya a Sakala. Koma nditanena kuti kwathu ndi kwa sola, anapukusa mutu.

"Iyi imadya malaiti maningi, tate. Izakuphelani batire."

Yachitatu inali ndi timatanki m'mbali, toonekera, tothiramo inki ya m'botolo ngati ukuthira palafini m'nyali. Ukhoza kuona ndi maso ako pamene inki yafika. Mabotolo ake amapezeka pa Katete pomwepo, wokonza ali kuseri kwa msika, magetsi imadya pang'ono, ndipo imamva wayifayi. Ndinaimenya pamsana ngati ng'ombe, ndinati iyi. Mayiyo anati anthu ovala mataye amabwera m'menemo osafunsa ngakhale limodzi mwa mafunso angawo. Mawu amenewo ndinamupempha abwereze, ndipo anabwereza.

Anathira inki, naika mu laputopu zoti izidziwana ndi pulinta. Kenako anandilembera papepala zochita ndikafika kunyumba. Ndidine batani la wayifayi pa pulinta mpaka kanyali kabuluu kayambe kuphethira. Mphindi ziwiri zisanathe, ndidine kabatani kam'mbali pa rauta. Ndiyembekeze. Kanyali kakaleka kuphethira n'kungoyaka, ndiye kuti zagwirizana, ndipo laputopu idzaipeza pulintayo. Pomaliza anatulutsa chingwe cholumikizira laputopu ndi pulinta, poti m'katoni munalibe, nati ndigulenso chimenecho mwina zikavute.

Apa ndiye musaombe m'manja. Ndinati, "Mayi, chingwe ndi cha mbuzi. Yanga idzalemba ndi mphepo."

Ndinafika kumudzi pa njinga yamoto, katoni ili pamiyendo, mudzi wonse ukuonerera. Ndinaiika patebulo pabalaza. Anaphiri anabwera ndi kansalu kawo koluka kuti aifunditse, ine ndinawaletsa, ndipo ndinalankhula mawu amene ndikuulula lero pamaso panu. Ndinati, "Izi musakhudze. Izi si za anthu osadziwa a, e, i, o, u." Anaphiri sanapiteko kusukulu ngakhale tsiku limodzi. Anandiyang'ana, anapinda kansalu kawo, anakakhala pakhomo n'kuyamba kusenda mtedza wambewu.

Lachiwiri m'mawa ndinayamba ntchito. Ndinadina batani pa pulinta, kanyali kanayamba kuphethira. Ndinathamangira kuchipinda, ndinavula kiyi m'khosi, ndinalimbana ndi loko, poti dzanja lovina ndi kabowo ka loko sizigwirizana msanga. Ndinatsegula bokosi, ndinadina kabatani ka rauta, ndinatseka bokosi, ndinakhoma, kiyi m'khosi, n'kubwerera pabalaza. Kanyali kanaphethira, kanaphethira, kenako kanafiira ngati diso la munthu wokana mlandu.

Ndinati vuto ndi liwiro, mphindi ziwiri zikundithera panjira. Ndinathira mafuta pa loko. Ndinachotsa mipando. Ndinamanga nsalu yapakhomo la kuchipinda. Ndinavula nsapato. Mkulu wa zaka zanga, abale, kuthamanga m'nyumba mwake ngati akupikisana ndi mbewa! Ndinafika pochita zonsezo mofulumira mwakuti ndinkabwerera pabalaza kanyali katangophethira kakhumi. Koma nthawi iliyonse ndinkatseka bokosi ndi kukhoma, chifukwa bokosi silikhala lotsegula. Manja ankachita okha, mutu osafunsidwa. Ndipo nthawi iliyonse kanyali kankafiira.

Anaphiri ali pakhomo, lichero pamiyendo, ankangotembenuza khosi uku ndi uku.

"Atate a Tikambenji, kodi mukuthamangitsa ndani?"

"Sendani mtedza."

Lachitatu ndinaimbira Tikambenji ali pa ntchito. Anafunsa ngati karauta kakuyaka, ndinati kakuyaka. Anafunsa ngati kali pamalo pake. Ndinati kali pamalo pabwino zedi. Sindinaname, koma Mulungu anaona kuti choona ndinachipinda pakati. Mwana anati akatha ntchito Loweruka madzulo tidzayese limodzi pafoni. Loweruka madzulo kunali kuchedwa, chifukwa makalata amafuna kusayina, kudinda ndi kulemba maina pa maenvulopu, ndipo a Sakala anali atanena kale kuti Loweruka masana adzabwera kudzatenga buku kuti ayambe kulemba makalatawo ndi manja. Ndinapalasa njinga mpaka pa Sinda kukafuna chingwe cha mbuzi chija. Anandionetsa zingwe za mafoni zokhazokha.

Lachinayi a Sakala anabwera okha, ati kudzaona odwala. Anaizungulira pulinta manja ali kumbuyo, anatenga kabuku kake ka Chingerezi, anawerenga mokweza kuti oyandikana nafe amve kuti Chingerezi chafika. Anadina apa, anadina apo. Kenako anafunsa kuti rauta ili kuti. Ndinati ili kuchipinda. Anayang'ana nsalu yapakhomo, nakhala pansi. Mukudziwa nonse kuti mwamuna, ngakhale akhale msuweni, ngakhale akhale ndi zolembera zitatu, salowa kuchipinda kwa mwini wake. Iwo anadina pa pulinta, ine ndinathamanga, ndinatsegula, ndinadina, ndinakhoma. Kanyali kanafiira.

"Msuweni," anatero, "mbuzi ija inali yamwano, koma inkabereka."

Yankho linandisowa. Ine, Lazaro Mbewe, kusowa yankho! Anaphiri anaimitsa kusenda, poti zimenezo anali asanazionepo.

Lachisanu sindinadine kanthu. Ndinatenga buku la mpingo ndi chidindo, ndinazikulunga m'pulasitiki, ndinaziika pampando pafupi ndi khomo. Masana ndinapita kudimba ngati ndikukathirira, koma ndinakhala pansi pakati pa mizere ya repu n'kupemphera. Sindinapemphere ngati pa Lamulungu, pamene ndimasankha mawu kuti amayi a kutsogolo aziti amen. Ndinati, "Ambuye, munandichotsa kusukulu, sindinadandaule kwambiri. Munandipatsa zilembo, ndakutumikirani nazo. Ngati mwazitenga, ndi zanu. Koma ndipatseni mtima woperekera bukuli osatukwana a Sakala, chifukwa mtima umenewo ndilibe. Ndipo ngati pali khomo limene ndikulephera kuliona, tumizani wondilozera, angakhale ndani." Mawu oti angakhale ndani ndinawanena mosaganiza. Abale, muzisamala popemphera, Iye amamva zonse.

Loweruka m'mawa Anaphiri anati akufuna yunifomu yawo kuti aisite. Masiku onse ndimapita ndekha kukatsegula, kuwapatsa, n'kukhoma. Tsiku limenelo thupi linali lolemera. Ndinavula kiyi m'khosi ndi kuwapatsa. Chikwatirane, kiyi ameneyo anali asanakhalepo m'manja mwawo. Anamuyang'ana, anandiyang'ana, analowa kuchipinda.

Anatuluka opanda yunifomu. M'manja anali atanyamula karauta, atakagwira ndi manja awiri ngati mbale ya mlendo, kanyali kake kakuyakabe poti kali ndi batire lakelake. Anakaika patebulo pambali pa pulinta.

"Anaphiri, ndinati chiyani za..."

"Munanena, ndinamva. Lero mumve inu. Mlendo akafika pakhomo amati odi. Inu mumakadzutsa mwini nyumba, asanayankhe n'komwe mwamutsekera m'bokosi, mwakhoma, mwabwera kudzafunsa mlendo chifukwa chake sakulowa. Alonjerana bwanji?"

Ndinati zimenezi zimayenda ndi mphepo, sizifuna khomo.

"Mphepo imalowa m'chitsulo? Chaka chatha kumunda mvula itatipeza, foni yanga ndinaiika m'poto n'kuvundikira. Tikambenji anaimba tsiku lonse, sinalire. Nditavundukula inayamba kulira. Dinani kanuko, ine ndidina aka. Ndakuonani kokwanira, ndikukadziwa."

Ndinadina. Kanyali kanayamba kuphethira. Anaphiri anapukuta chala pa chitenje, nadina kabatani kam'mbali. Tinayang'anitsitsa kanyaliko tonse awiri, mitu itagundana pamwamba pa tebulo. Kanaphethira, kanaphethira, kanaphethira. Kenako kanaima. Kabuluu, phee, osagwedezeka, ngati nyenyezi.

Ndinatsegula laputopu. Inali itaipeza kale pulinta, dzina lake lili poyera. Ndinatsegula kalata yoyamba, ndinagwira mkono, ndinalasa batani. Pulinta inakhosomola, inakoka pepala, inayamba kupita uku ndi uku m'mimba mwake, ndipo pepala linatuluka pang'onopang'ono. Zilembo zoongoka ngati mizere ya mlimi wa thonje. Pansi pake panali polembedwa kuti L. Mbewe, Mlembi.

Ndinagwada pomwepo pa simenti. Anaphiri anayamba nyimbo yoyamika. Nditadzuka ndinawafunsa kuti anadziwa liti.

"Lachiwiri lomwe lija."

"Nanga osanena bwanji? Ndathamanga masiku atatu!"

"Munati si za osadziwa a, e, i, o, u. Komanso kuthamangako kunakuthandizani, mwendo uja mwaleka kudandaula nawo."

Dzuwa lili pamutu tinamva odi pakhomo. A Sakala, atavala jekete, atanyamula chikwama chopanda kanthu chodzatengera buku. Anapeza makalata ali ndandanda pamphasa, pampando, pathumba la chimanga, pulinta ikutulutsabe ena, palibe chingwe pakati pa iyo ndi laputopu. Ine ndinakhala mwendo pamwamba pa unzake.

"Lowani, ahedi. Samalani, mungaponde ntchito ya Sitandade 2."

Anatola kalata imodzi, anaiwerenga mpaka pansi kufuna cholakwa, anaitembenuza kufuna china kumbuyo. Kenako anaona karauta patebulo ndi bokosi lotsegula kudzera pa nsalu yomanga ija, ndipo poti ndi munthu wophunzira anamvetsa zonse nthawi imodzi. Anaseka mpaka anakhala pansi pa thumba la chimanga. Atatha kuseka anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anasolola cholembera chimodzi mwa zitatu zija, nati, "Bweretsani maenvulopu, msuweni. Inu dindani, ine ndilembe maina." Tinagwira ntchito limodzi mpaka dzuwa kupendeka, tikunyozana bwinobwino.

Lamulungu mkulu wa zilengezo yemwe uja anatenga pepala langa, analiyandikitsa kumaso mwa chizolowezi, kenako anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi osapunthwa. Onyamula makalata analandira aliyense yake. Abusa ananyamula buku ndi chidindo, zimene ndinali nditaziika patebulo la kutsogolo, nazibwezera m'manja mwanga pamaso pa mpingo wonse. Dzanja linkanjenjemera polandira, ndipo sindinalibise m'thumba monga ndinkachitira. Ndinalikweza m'mwamba kuti aliyense alione likuvina. Msonkhano unachitika, mipingo yonse inabwera, ndipo ena anafunsa kuti kodi makalata okongola chotere tinakasindikiza ku Chipata. Ndinawauza kuti ayi, kuseri kwa dambo.

Tsiku limenelo kutchalitchi ndinangoti Mulungu wandithandiza, za Anaphiri sindinatchule. Chikumbumtima chandiluma kuyambira pamenepo, n'chifukwa chake ndalemba umboni uno kuti ndiulule zonse. Pulinta ndinasankha ndine, ndipo ndinasankha bwino, zimenezo musandilande. Koma amene anailowetsa m'nyumba ndi mayi amene sadziwa kulemba dzina lake.

Kwa inu amene mukufuna kugula yanu, funsani mafunso a ng'ombe aja, ndipo ngati muli pa sola muuzeni wogulitsa asanakukondetseni chachikulu. Chingwe gulani, sichiluma. Karauta kasiyeni poyera, pamwamba, pamene kangaonane ndi anzake. Kathu kali pa kashelefu kamene ndinakhoma pabalaza, pamene tambala safika, ndipo intaneti ija ndinkaitukwana tsopano imafika mpaka pansi pa mtengo wa mango. A kampani, ngati pepalali likufikani, mundikhululukire. A ku Mozambique, mphepo yanu inalibe mlandu.

Koma kwa inu amene thupi layamba kukulandani chimene munkadziwika nacho, kaya ndi maso, kaya ndi miyendo, kaya ndi mawu oyimbira, ndikuti musafulumire kukulunga buku m'pulasitiki. Ine sindinachire. Tiyi ndimamwabe wa m'sosala. Mulungu sanaimitse dzanja langa, anangolipatsa njira ina, ndipo wondilozera njirayo anali atakhala pakhomo panga masiku onsewo, lichero pamiyendo, ine nditamutseka pakamwa. Limbikirani kupemphera, koma mukatha kunena amen muziyang'ananso amene ali pafupi nanu. Ndikuyamika Mulungu, ndikuyamika Tikambenji, mayi wa magalasi wa ku Katete, ndi a Sakala amene masiku ano amabwera ndi makalata awo kudzapempha kuti ndiwasindikizire. Ndimawauza adikire pamzere, ngakhale palibe mzere.

Chatsala chimodzi. Msonkhano utatha ndinakhala pansi n'kuganiza kuti ndalembera makalata mudzi wonse, akazi a eni, mafumu, mipingo, koma Anaphiri sindinawalemberepo ngakhale mzere umodzi, poti ndinkati adzawerenga bwanji. Ndinagwira mkono, ndinalemba ndi chala chimodzi m'mawa wonse, ndinasindikiza pa pepala loyera. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, ndinakhala pa mpando, ndinavala magalasi, ndinawawerengera. Zimene zinali m'kalatamo si zanu. Ndingokuuzani kuti munali kupepesa, ndipo munali zina zimene ndinayenera kunena tili achinyamata.

Anamvetsera mpaka pamapeto, maso ali pa nyemba. Anapukuta manja, analandira pepalalo, anafunsa kuti dzina lawo ndi liti, ndinawalozera. Analisisita ndi chala. Kenako anadzuka, anavula kiyi m'khosi mwawo, poti masiku ano amakhala kumeneko, analowa kuchipinda. Ndinawatsatira. Anaigoneka kalatayo pamwamba pa suti, pamalo pomwe pankagona karauta, anatseka bokosi, nakhoma.

"Ichi ndiye cha m'bokosi," anatero. "Chisamveke panja."

Ambuye alemekezeke. Amen.